Usiku umene ndinasiya kumasulira filimu

Kuno ku Malambo holide imabwera ndi mvula. Inu a ku Lusaka mumawerenga masiku pa kalenda mpaka afike pa 24 Disembala, koma ife timayang'ana kumwamba. Mvula ikalimba, misewu ya m'paki ya South Luangwa imasanduka phala, makampu ang'onoang'ono a m'tchire amatsekedwa, ndipo anyamata ndi atsikana amene amaphika, kuchapa ndi kuperekeza alendo kumeneko amabwerera m'midzi ndi zikwama zawo kukadikira mwezi wa Meyi kapena Juni. Ena amati ndi tchuthi, ena amati ndi ulova. Zimatengera ngati malipiro omaliza akadali m'thumba.

Ine ndimathandiza pa wailesi ya m'dera lathu lino la Mambwe. Ndimawerenga zilengezo za maliro ndi za mbuzi zosowa, ndipo Lachinayi madzulo ndimakhala ndi pulogalamu ya mphindi 30 yokamba za malamulo amene amakhudza anthu wamba. Malipiro palibe, koma mawu anga amafika m'midzi imene miyendo yanga sinapondemo. Pa Khirisimasi ya 2024 anandilola kupuma masiku 10, poti nyengo imeneyi wailesi imayenda yokha ndi nyimbo za makwaya ndi moni wa omvera. Ndinamanga chikwama pa njinga n'kupita kwa amayi, kumudzi kwathu m'dera la mfumu Mnkhanya. Ndinkafuna kugona, kudya mango ndi kuonera mafilimu akale. Basi.

Mafilimuwo ndimasunga m'kachikwama ka zipi kamene ndinagula ku Chipata ndili ku koleji. Muli madiski oposa 40, ambiri ndi aja a pamsika olembedwa dzina ndi peni. Ena anakalika moti ekita amaima pakamwa pali yasa kwa mphindi yathunthu, kenako n'kudumphira pamene adani onse afa kale. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuseka kuti bwanji osangotsitsa pa foni. Bwerani ndi mabandulo anuwo kumudzi kwathu muone mmene netiweki imathawira mitambo ikangoda. Komanso foni ndi ya munthu mmodzi. Anthu 7 sangaunjikane pa kagalasi konga chikhatho.

Chaka chimenecho inu a m'tauni munalira ndi malaiti. Chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, ndipo anzanga a ku Chawama ankadandaula kuti magetsi akubwera pakati pa usiku kwa maola ochepa chabe. Kwa amayi mawaya sanafikeko n'komwe, choncho Kariba yathu ndi kasola ka padenga ndi batire imodzi ya galimoto. Koma Disembala ndi mwezi wa mitambo. Batire ikadya dzuwa tsiku lonse imayendetsa kaTV ndi kadeki kwa maola awiri, osapitirira. Ndiye kuti filimu imodzi usiku uliwonse, ndipo kusankha kwake unali mlandu wofuna nduna za mfumu.

M'nyumba tinalimo ine, amayi, mlongo wanga ndi ana ake atatu, ndi mng'ono wanga wa kwa atate aang'ono. Iyeyu ali ndi zaka 26, amaperekera zakudya pa kampu ina m'mbali mwa Luangwa. Kampuyo itatseka, msewu wa kwawo, cha kwa Msoro, unali utavuta kale ndi matope, ndiye amayi anamuitana kuti adzadye Khirisimasi kwathu. Ndi mnyamata wofatsa, wa mtundu uja wobwera ndi shuga ndi mafuta ophikira osauzidwa. Madzulo panalibe kopita. Mango akapsa njovu zimalowa m'mudzi kudzatola pansi pa mitengo, ndipo munthu wanzeru sayenda kukada. Tikadya nsima tinkatseka chitseko, kuyala mphasa, n'kuyatsa deki.

Usiku woyamba tinaonera The Gods Must Be Crazy, ija ya mu 1980 ya botolo la Coca-Cola logwa kuchokera m'ndege. Ana anaseka mpaka wamng'ono anagubuduka pamphasa. Inenso ndinaseka, koma osati ngati kale. Ndili mwana pa vidiyo sho, titalipira timakwacha takale tija n'kupanikizana pa mabenchi, sindinkadziwa kuti filimuyi anapanga ndi mzungu wa ku South Africa, Jamie Uys, m'nthawi ya tsankho la apartheid, komanso kuti N!xau, munthu amene dziko lonse linkamuseka, analandira kandalama kochepa pa filimu imene inabweretsa mamiliyoni. Mng'ono wanga anati alendo ena pa kampu amafunsabe mafunso onga a m'filimu imeneyi. Pamene chipembere chinatulukira kudzapondaponda moto, mwana wa mlongo wanga anafunsa kuti ndi nyama yanji. Mwana wobadwira m'chigwa cha Luangwa, kumene zipembere zinali mbwee ambuye ake ali mtsikana. Opha nyama mozemba anazimaliza, ndipo mu 1998 zipembere zakuda zinalengezedwa kuti zatha m'Zambia. Zimene zili ku North Luangwa lero zinachita kubwera pa ndege kuyambira mu 2003. Amayi ndiwo anamufotokozera mwanayo, n'kumuuza za tsiku limene chipembere chinawathamangitsa akuchokera kotunga madzi. Nkhani imeneyi ine ndinali ndisanaimvepo.

Kenako panabwera Sarafina!, ndipo mlongo wanga anadzuka kuonetsa ana ake mmene ankavinira ali kusukulu, mpaka bondo linamukumbutsa zaka zake. Usiku wa Khirisimasi anyamata tinapambana, tinaika Commando.

Ntchito yanga pa zonsezi inali yomasulira. Amayi analekera sukulu giredi 4, Chingelezi amangotola liwu apa ndi apo. Choncho ndimakhala pambali pawo n'kumalankhula pamwamba pa filimu, ngati ma DJ a ku Malawi aja omasulira mafilimu a karate m'Chichewa n'kumathiramo zawo. Nanenso ndimathiramo. Schwarzenegger m'kamwa mwanga amalankhula ngati kondakitala wa basi ya ku Chipata, ndipo amayi amaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Pa 26 Disembala mvula inayamba masana osaleka. Dzuwa silinatuluke, batire inali ndi njala, koma tinati tiyese. Mlongo wanga anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa diski yopanda chikuto, yolembedwa kuti Neria. Ndinali nditaionera kamodzi kalekale. Chimene ndinkakumbukira ndi nyimbo ya Oliver Mtukudzi yokha, imene timaiika pawailesi kawirikawiri, makamaka chimwalirireni iye mu Januwale 2019. Za nkhani yake sindinaganize. Ndikanaganiza, ndikanaibweza m'chikwama.

Kwa inu amene simunaionepo, Neria ndi filimu ya ku Zimbabwe. Anaitsogolera ndi Godwin Mawuru, nkhani yake inachokera kwa Tsitsi Dangarembga, ndipo Jesesi Mungoshi ndiye Neria. Mtukudzi alimonso, ngati mlongo wake wa Neria. Neria ndi mwamuna wake Patrick amakhala m'tauni, onse awiri amagwira ntchito, ndipo amanga banja lawo pang'onopang'ono. Patrick amwalira mwadzidzidzi. Mbale wake, Phineas, abwera n'kuyamba kutenga: buku la kubanki, galimoto, mipando, nyumba, pomaliza ndi ana omwe. Akafunsidwa amati mwambo uli kumbali yake.

Poyamba ndinkamasulira mwa nthawi zonse, ndi nthabwala zanga. Phineas ndinamupatsa mawu a munthu wina wa pamsika amene tonse timamudziwa, ndipo ana anaseka. Maliro a Patrick atafika nthabwala zinatha zokha. Ndinapitiriza kumasulira, koma ndinaona kuti amayi asiya kusenda mango amene anali m'manja mwawo. Pamene Phineas anayamba kuyendayenda m'nyumba ya mbale wake akuyang'ana katundu ngati munthu wogula, ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimene akulankhula. Amayi anandigwira pa bondo.

"Usavutike, mwana wanga. Apa ndikumva ndekha."

Atate anamwalira mu Julayi 1998, ine ndili ndi zaka 8. Tinkakhala ku Lusaka, ku Chawama komweko, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Atate ankayendetsa galimoto pa kampani ina, amayi ankasoka mayunifomu a ana asukulu pakhonde. Maliro atatha, achibale a kwa atate anakhala pansi kuti agawe zovala za malemu, monga mwa mwambo. Kugawako sikunathere pa zovala. Ndikukumbukira kalole kataima pakhomo. Ndikukumbukira TV yathu itakulungidwa m'bulangete la atate, ndi deki ya matepi imene tinkaonerapo Bruce Lee Loweruka lililonse. Ndikunena zoona, tsiku limenelo ndinalirira TV kuposa mmene ndinalirira atate pamanda. Mwana amamva imfa mochedwa, koma malo opanda kanthu pa tebulo amawaona nthawi yomweyo. Pomaliza anakweza makina osokera. Amenewo amayi anagula okha ndi ndalama za chilimba, koma anauzidwa kuti chilichonse cha m'nyumba ya mwamuna ndi cha mwamuna. Amene ankatsogolera zonsezi anali atate aang'ono.

Tinatsala ndi matiresi imodzi, mapoto ndi zovala zathu. Popanda makina panalibe lendi. Patapita miyezi iwiri tinakwera basi ya ku Chipata, kenako lole yotsika kuno kuchigwa, msewu usanaikidwe tala. Kuyambira pamenepo nkhaniyi sinakambidwenso m'nyumba mwathu. Atate aang'ono atamwalira tinapita kumaliro, ndipo amayi anaphika nawo nsima ya anthu olira.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti lamulo linalipo kale. Intestate Succession Act inakhazikitsidwa mu 1989, zaka 9 atate asanamwalire. Limati munthu akamwalira osasiya wilo, pa magawo 100 a chuma chake, 50 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo a malemuyo, ndipo 10 ndi a ena amene ankadalira iye. Katundu wa m'nyumba, monga mipando ndi TV, ndi wa wotsalayo pamodzi ndi ana. Malo a m'manja mwa mfumu lamuloli silikhudza, n'chifukwa chake milandu ya minda kuno imayenda njira ina. Koma kalole kaja kanalibe chilolezo cha lamulo lililonse, ndipo makina aja sanali ngakhale a malemu. Manambala amenewa ndawawerenga pawailesi kambirimbiri. Ndinaitanapo wapolisi wa ku Victim Support Unit kudzayankha mafunso a omvera. Amayi amamvera pulogalamu yanga Lachinayi lililonse pa kawailesi kawo ka mabatire, ndipo tikakumana amati ndinalankhula bwino. Kwa zaka zonsezi akhala akumva mwana wawo akufotokozera chigwa chonse zimene zinali zawo, ndipo ine sindinawafunsepo kanthu ngakhale tsiku limodzi.

Sindikufuna kunamizira mwambo. Ife Akunda mwana ndi wa kwa mayi ake, ndiye achibale a mwamuna amaona ngati ana akapita kwawo, thukuta la mbale wawo lapita kwa eni ena. Maganizo amenewo ndimawamva. Koma akuluakulu amene ndacheza nawo pawailesi amanena kuti kale wotenga katundu wa malemu ankatenganso udindo wodyetsa ndi kuveka ana osiyidwawo. Anthu anasunga mbali yotenga, ina ija anaitaya panjira. Phineas wa m'filimu ndi wotero, ndipo kwa ife sipanabwere ngakhale kope limodzi la kusukulu.

Filimu inapitirira popanda womasulira. Ana anali atagona mmodzimmodzi. Neria anali atapita kwa loya, mlandu unali utalowa m'khoti, pamene kaTV kanaphethira kawiri n'kuzima. Batire yatha. Tinakhala mumdima, mvula ikugunda malata. Palibe anadzuka kukafuna tochi.

Amayi ndiwo anayamba, ndipo sankalankhula ndi munthu aliyense.

"Anali a Singer, akuda, a maluwa agolide m'mbali. Opalasa ndi phazi. Ndinaponya chilimba miyezi 10."

Mlongo wanga anati, "Amayi, zisiyeni."

"Sindikudandaula, ndikungokumbuka. Kadilowa kake ka kumanja kanathyoka chogwirira sabata yoyamba."

Panapita kanthawi. Kenako kuchokera kukona kumene kunali mng'ono wanga kunamveka mawu otsika kwambiri.

"Amayi aakulu, pa kadilowa kameneko pali waya wa kopa wopota?"

"Waya ameneyo anamanga ndi atate ako aakulu."

Sindikudziwa kuti chete ameneyo anatenga mphindi zingati. Mng'ono wanga anabadwa chaka chomwe atate anamwalira. Anakulira pafupi ndi makina amenewo. Amayi ake akhala akusokerapo madiresi ndi mayunifomu kwa Msoro mpaka lero, ndipo ndalama zake ndi zimene zinamufikitsa giredi 12. Iye anauzidwa kuti atate ake anawagula ku Lusaka. Anafotokoza zimenezi mwapang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerenga kalata yoipa kwa nthawi yoyamba. Atamaliza anatsegula chitseko n'kukakhala pakhonde. Amayi anamuitana kawiri kuti alowe, kunja kuli njovu. Analowa tambala woyamba atalira.

Ine usiku umenewo sindinagone. M'mutu mwanga munkayenda mawu anga a pawailesi, magawo 50, magawo 20, ndipo ndinkachita manyazi ndi mmene ankamvekera osalala. Ndinkaganizanso za zaka zimene amayi ankapita kukagwira ganyu m'minda ya thonje ya anthu kuti ine ndipeze yunifomu, munthu amene ankasoka mayunifomu a kalasi yathunthu.

M'mawa mng'ono wanga anadikira kuti amayi amalize kusesa. Anagwada pafupi ndi mtondo, maso ali pansi.

"Amayi aakulu, msewu ukauma ndidzapeza galimoto. Ndidzabwera nawo makina anu."

"Ukawalande amayi ako?"

"Si awo."

"Nawonso ndi wamasiye. Ukufuna kalole kaimenso pakhomo pa munthu?" Anakhala pa mpando wawo wachikopa n'kuyamba kusankha nyemba. "Ndipo maso angawa sangalowetsenso ulusi pa singano. Dzuka, ukunyowetsa buluku."

Ndinene poyera kuti ine sindinagwirizane nazo, ndipo mpaka pano sindigwirizana nazo. Ndinawauza amayi kuti nkhani si maso. Mlongo wanga angathe kuphunzira kusoka, mwana wake wamkulu ali giredi 7 ndipo amafuna zambiri. Ngakhale makinawo atangokhala pakona osagwira ntchito, akhale pakona ya mwini wake. Ndinalankhula nthawi yaitali, mwina ndi mawu aja a Lachinayi. Amayi anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa ngati ndinaika sola poyera, poti dzuwa latuluka. Mlongo wanga ali kumbali yanga, koma iye mkwiyo wake uli pa amayi aang'ono a kwa Msoro, amene akuti ankadziwa bwino kumene makinawo anachokera. Ine sindikudziwa ngati mkazi wa zaka 20 amene mwamuna wake wamubweretsera makina kuchokera kumaliro akanatha kukana. Tinakangana chapansipansi kuseri kwa nkhokwe kuti mng'ono wathu asamve, ngakhale ndikukhulupirira kuti anamva.

Tsiku limenelo dzuwa linawala mpaka madzulo. Titadya, ana ankafuna Mr Bones, koma amayi anati timalize ya dzulo. Ndinafufuza pamene tinalekera. Diski inakakamira pang'ono, ndinaipukuta ndi malaya, inayenda.

"Tsopano umasulire," anatero amayi. "Za m'khotizi sindikumva. Koma usathiremo zako."

Ndinamasulira liwu ndi liwu, zimene loya ananena, zimene Phineas anayankha, zimene khoti linagamula. Mng'ono wanga anakhala pafupi ndi chitseko, manja ali pa mawondo, ndipo sanachotse maso pa TV. Neria atapambana, ana anaomba m'manja ngati ekita wagonjetsa bosi wa zigawenga. Amayi anangogwedeza mutu.

"Uyu anali ndi mnzake wodziwa njira ya kwa loya," anatero.

Mayina atayamba kukwera pagalasi ndi nyimbo ya Mtukudzi, anandiletsa kuzimitsa mpaka nyimbo ithe. Kenako anatembenukira kwa mng'ono wanga.

"Iwe, amayi ako amathira mafuta anji pa makina aja?"

"Nthawi zina ophikira, akasowa enieni."

"Ayi, ayi. Ophikira amagwira fumbi, adzawaumitsa. Ukapita ku Chipata ukagule kabotolo ka mafuta a makina. Azidontheza pa timabowo ta pamwamba ndi pansi pamene pamakhala bobini, kamodzi pa sabata. Ndipo lamba akatha asamangire chingwe cha njinga."

"Ndamva, amayi aakulu."

Masiku otsalawo tinaonera Mr Bones, Osuofia in London ndi Enter the Dragon, imene inazima Bruce Lee asanalowe m'chipinda cha magalasi. Pa 3 Januwale ndinabwerera kuwailesi. Mng'ono wanga anadikira mpaka msewu unauma pang'ono, ndipo ananditumizira uthenga atafika kwawo kuti mafuta aja anagula. Sananene ngati anawauza amayi ake amene anamutuma. Makinawo akadali kwa Msoro. Diski ya Neria amayi anandiuza kuti ndiisiye, ili m'kabati yawo pamodzi ndi makadi a kuchipatala, ngakhale kuti deki ndinabwerera nayo.